Mtsikana woyembekezera wosakwana zaka 18: kodi ali m'manja mwa yani?

Mwana wamkazi wa zaka 15 kapena 16 akapezeka ndi pathupi, pakhomo pamamveka mawu atatu, ndipo akatekisiti athu ambiri adawamvapo onse. Bambo, atapsa mtima, amati: “Wadziyesa wamkulu, adzionere yekha.” Malume amati: “Mawa m'mawa tikamtule kwa mwini mimba.” Mtsikanayo naye, akatopa ndi kunyozedwa, amayankha kuti: “Inenso ndine mayi tsopano, musandilamule.” Atatuwa akukangana, komabe agwirizana pa chinthu chimodzi osadziwa: onse akuganiza kuti pathupi pamuchotsa mwanayo m'manja mwa makolo ake. Malamulo a dziko la Malawi satero, ndipo Malamulo a Mpingo sateronso.

Talemba nkhaniyi pothandiza akhristu ndi akatekisiti amene amaitanidwa kukakhala pa milandu yotere m'miphakati, kuti azidziwa pamene ulamuliro wa makolo uli ndi pamene umalekezera.

Kumasulidwa m'manja mwa makolo

Akatswiri a malamulo ali ndi liwu la Chilatini loti emancipatio. M'kati mwake muli liwu loti manus, ndiye kuti dzanja, kotero tikanena kuti “kumasulidwa m'manja mwa makolo” sitidataye tanthauzo lake. Ku Roma wakale bambo adali ndi mphamvu pa ana ake kufikira imfa yake. Mwana wamwamuna ankatha kumera imvi, kukhala ndi ana akeake, ngakhale kulandira udindo m'boma, koma pamaso pa lamulo chuma cha banja chidali cha bambo ake. Malamulo akale a mzindawo, olembedwa zaka pafupifupi 450 Khristu asanabadwe, ankachotsa mphamvu imeneyi kwa bambo amene wagulitsa mwana wake wamwamuna katatu. Anthu ochenjera adatenga lamuloli n'kulisandutsa njira yomasulira ana: bambo ankachita ngati wagulitsa mwanayo kwa bwenzi lake pamaso pa mboni, bwenzilo n'kumubweza, mpaka katatu. Kwa mwana wamkazi kamodzi kokha kankakwanira. M'zaka za m'ma 500 mfumu Justinian idathetsa sewero limeneli, n'kulamula kuti bambo azingopita kwa woweruza kukanena cholinga chake.

Chimene tikuphunzirapo n'chakuti kuyambira kale kumasulidwa kwa mwana kudali ntchito yochitika poyera, pamaso pa mboni kapena woweruza. Sikunkangogwa kokha ngati mvula.

Maiko ena adakali ndi njira imeneyi mpaka lero. M'chigawo cha California ku America, mwachitsanzo, mwana wa zaka 14 kapena kuposerapo akhoza kupempha bwalo la milandu kuti limumasule. Ayenera kuonetsa kuti sakukhala ndi makolo ake ndipo makolowo adavomera kapena sadatsutse, kuti ndalama zake amaziyendetsa yekha ndipo amazipeza mwachilungamo, komanso kuti kumasulidwako kumuchitira ubwino. Akamasulidwa amatha kusaina mapangano, kusankha kokhala ndi kuvomera yekha chithandizo cha kuchipatala, ndipo makolo ake sakakamizidwanso kumudyetsa. Ukwati wovomerezeka ndi kulowa usilikali zimamasulanso mwana kumeneko. Kubereka kokha sikumasula: mtsikana wa zaka 16 wa ku California amene wabala mwana amakhalabe mwana pamaso pa lamulo.

Malamulo a Mpingo, amene Papa John Paul II adawalengeza pa 25 Januwale 1983, amatchula kumasulidwa kumeneku mu kanoni 105. Kanoniyo imati mwana amawerengedwa kuti akukhala kumene kuli makolo kapena womulera, ndipo ndi mwana yekhayo amene wamasulidwa movomerezeka potsata malamulo a dziko amene angakhale ndi malo akeake okhazikika. Nkhani ya malo si yachabe, popeza ndiyo imasonyeza parishi ya munthu, bambo mfumu wake ndi episkopi wake. Tione bwino apa: Mpingo ulibe mwambo wakewake womasulira ana. Umayang'ana zimene malamulo a dziko anena.

Mwana ndani?

Mwambo wa makolo athu uli ndi miyeso yake. Mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa ndi anamkungwi n'kutchedwa namwali. Pakati pa Achewa wa pathupi poyamba amachitiridwa chisamba, pamene amayi akuluakulu amamuuza za kubereka ndi kulera. Ayao ali ndi litiwo. Akabereka amalowa m'gulu la ntchembere. Malangizo ambiri a pa miyambo imeneyi ndi othandiza, ndipo sitikuwanyoza. Vuto ndi lakuti mwambo umayesa ukulu poyang'ana thupi, pamene lamulo limawerenga zaka. Mtsikana yemweyo akhoza kukhala ntchembere pamaso pa mudzi, koma mwana pamaso pa bwalo la milandu.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino a 1994 ankati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, ndipo gawo 22 linkalola wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja ngati makolo kapena omulera avomera. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la maukwati loika msinkhu wa ukwati pa zaka 18, koma khomo la m'gawo 22 lidali chitsegukire, chifukwa malamulo aakulu ali pamwamba pa malamulo ena onse. Pa 14 Febuluwale 2017 aphungu 131 adavomera kutseka khomolo, awiri okha ndiwo adakana, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adasaina kusinthaku mu Epulo chaka chomwecho. Kuchokera pamenepo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo chilolezo cha makolo sichingatsegulenso njira ya ukwati wa mwana. M'maiko ambiri ukwati ndiwo udali khomo lalikulu limene atsikana ankatulukira m'manja mwa makolo. Kuno khomo limenelo palibenso. Anansi athu adayenda njira yomweyi: bwalo loona za malamulo aakulu ku Zimbabwe lidaletsa maukwati a ana mu 2016, Mozambique idakhazikitsa lamulo lake mu 2019, ndipo Zambia idachita chimodzimodzi mu 2023.

Chidachititsa kusinthaku n'chodziwika. Kafukufuku wa boma woona za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi pathupi poyamba. Mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18.

Mpingo umawerenga chimodzimodzi. Kanoni 97 imati munthu wokwanitsa zaka 18 ndi wamkulu, wosakwana pamenepo ndi mwana. Kanoni 98 imapitiriza kuti mwana, pogwiritsa ntchito ufulu wake, amakhala pansi pa ulamuliro wa makolo kapena omulera, kupatula pa zinthu zimene lamulo la Mulungu kapena la Mpingo lidazichotsa m'manja mwa makolowo. Mbali ziwiri za kanoni imeneyi ndizo mutu wa nkhani yonse. Mbali yoyamba ikuyankha mtsikana uja wonena kuti asalamulidwe. Mbali yachiwiri ikuyankha bambo ndi malume.

Zimene makolo amakhala nazobe

Akuluakulu adati mwana sakulira nakubala. Mtsikana woyembekezera wosakwana zaka 18 akadali pansi pa makolo ake pa nkhani ya kumene agone, nthawi yofikira pakhomo, anthu oyenda nawo ndi sukulu imene apite. Sangadzisamutse yekha kupita kwa mnyamata, ndipo makolo amene amuletsa kutero sakumuphwanyira ufulu uliwonse.

Koma ulamuliro umenewu ndi wosalekanitsika ndi udindo. Gawo 23 la malamulo aakulu limapatsa mwana aliyense ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wolandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa iwo, kaya ali pa banja, kaya sadakwatirane, kaya ukwati udatha. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limatchula chakudya, zovala, pogona ndi chithandizo cha kuchipatala, ndiponso kuteteza mwana ku nkhanza ndi kutayidwa. Lamuloli lidalembedwa pamene mwana ankawerengedwa wosakwana zaka 16, koma kuyambira 2017 malamulo aakulu akunena za 18. Palibe pamene padalembedwa kuti udindowu umatha mwana akatenga pathupi. Kanoni 1136 nayo imatcha kulera ana udindo waukulu koposa wa makolo ndi ufulu wawo woyamba, ndipo imatchula thupi, chikhalidwe, makhalidwe abwino ndi chipembedzo. Choncho bambo uja wonena kuti “adzionere yekha” akufuna kudzimasula yekha ku udindo wake. Njira yotero kulibe, ku boma ngakhale ku Mpingo. Kuthamangitsa mwana pakhomo ndi kumutaya, ndipo kawirikawiri ndiko kumamukankhira m'manja mwa yemwe uja adamuwononga.

Tinenepo za malume. Kumadera a chikamwini mwini mbumba ali ndi liwu lalikulu pa ana a mlongo wake, nthawi zina loposa la bambo wobereka. Kumadera a lobola liwulo limakhala kuchimuna. Atsikana ambirinso akuleredwa ndi agogo kapena azakhali, makolo atamwalira kapena atapita kukagwira ntchito kutali. Amene akulera mwanayo ndiye amasenza udindo tatchulawu. Liwu la malume ndi lofunika poyanjanitsa mabanja, ndipo katekisiti wanzeru salinyalanyaza. Komabe malume, kaya mfumu ya mudzi, alibe mphamvu yoposa ya kholo. Chimene kholo silingalamule, iwonso sangalamule.

Ukwati sungalamulidwe

Apa ndipo timalakwa kwambiri, ndipo nthawi zambiri timalakwa ndi mtima wofuna kubisa manyazi a banja. Kukatula mtsikana kwa mnyamata, kumusiya pakhonde ndi kachikwama kake, n'kubwerera kwathu titapepukidwa, timakuona ngati kukonza zinthu. Pamaso pa lamulo umenewu si ukwati, ngakhale ankhoswe a mbali zonse atagwirana chanza. Lamulo loteteza ana lija limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja kapena kumutomera, ndipo wochita zimenezi akhoza kupita kundende. M'zaka za m'ma 2010 Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lake, n'kuimitsa mafumu aang'ono amene ankawavomereza. Ambiri adaiona ngati youma mtima, koma imene inkachita ndiyo idalembedwa m'malamulo a dziko.

Pali chinanso chofunika kufunsa tisanathamangire kwa “mwini mimba”: kodi ndani ameneyo? Ngati ndi munthu wamkulu, kaya mphunzitsi, wamalonda, bambo womupeza kapena mbale, nkhaniyo si ya ankhoswe. Kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu m'malamulo a dziko lino, ndipo chilango chake chikhoza kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Mbuzi kapena ndalama zoperekedwa pa bwalo la mfumu sizithetsa mlandu umenewu. Kukatula mtsikana kwa munthu wotero n'kupereka wolakwiridwa kwa womulakwira. Ngati mnyamatayo ndi mwana mnzake wa kusukulu, ndiye kuti tili ndi ana awiri, aliyense m'manja mwa makolo ake, ndipo kuwatsekera m'nyumba imodzi sikuwakulitsa.

Ena adawerengapo kanoni 1083, imene imati mwamuna wosakwana zaka 16 ndi mkazi wosakwana zaka 14 sangamange ukwati weniweni, ndipo amaganiza kuti Mpingo umalola ukwati wa mtsikana wa zaka 14. Kanoni imeneyi idangoika malire a pansi penipeni, a dziko lonse lapansi, ndipo imalola mabungwe a maepiskopi kukweza msinkhuwo. Iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zinzake. Kanoni 1072 imauza abusa kuti aziletsa achinyamata kukwatirana asanafike pa msinkhu wovomerezeka m'dera lawo. Kanoni 1071 imaletsa wansembe, popanda chilolezo cha mkulu wa dayosizi, kudalitsa ukwati umene malamulo a dziko sangauvomere, komanso ukwati wa mwana umene makolo ake sakuudziwa kapena akuukana pa zifukwa zomveka. M'Malawi ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18 umagwera pamenepo. Katekisiti asalembe maina a ana otere m'buku la okonzekera ukwati.

Chachikulu kuposa msinkhu ndi kuvomera. Kanoni 1057 imaphunzitsa kuti ukwati umamangidwa ndi kuvomera kwa awiriwo, ndipo palibe mphamvu ya munthu wina aliyense imene ingavomere m'malo mwawo. Kanoni 219 imapatsa mkhristu aliyense ufulu wosankha njira ya moyo wake popanda kukakamizidwa. Kanoni 1103 imati ukwati umene munthu walowa chifukwa cha kuumirizidwa kapena mantha aakulu ochokera kwa ena, pofuna kungodzipulumutsa, ndi wopanda mphamvu. Mabwalo a Mpingo amadziwanso mtundu wina wa mantha umene suchita phokoso: mantha a mwana woopa kukhumudwitsa kholo limene amalilemekeza. Mtsikana woleredwa bwino wa kwathu kuno sayankha bambo ake. Amagwada, n'kuwerama, n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneko sikutanthauza kuti wavomera. N'chifukwa chake Papa Francis, pokonzanso kayendetsedwe ka milandu ya maukwati mu 2015 m'chikalata chotchedwa Mitis Iudex Dominus Iesus, adatchula ukwati womangidwa chifukwa cha pathupi posayembekezeka pakati pa zizindikiro zoti mlandu ukhoza kuweruzidwa mwa njira yachidule. Zimenezi zikukhudzanso wa zaka 19 kapena 25. Pathupi si chifukwa chokwanira chomangira ukwati pa msinkhu uliwonse. Awiriwo akadzakula, ngati akufunanabe, khomo la tchalitchi lidzakhala lotsegula.

Moyo wa khanda

Malire achiwiri ndi moyo umene uli m'mimba. Pali makolo amene, poopa manyazi kapena pofuna kuti mwana asasiye sukulu, amamutengera kwa sing'anga kapena kumumwetsa mankhwala mwakabisira. Kholo lilibe mphamvu imeneyo. Malamulo a milandu a dziko lino amaika kuchotsa pathupi m'gulu la milandu, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulo limazizindikira, ndipo amalanganso wopereka mankhwala kapena zipangizo. Atsikana ambiri afera m'njira zobisika zimenezi.

Ku Mpingo chilango chake ndi kupatulidwa ku masakramenti ndi ku maudindo, ndipo chimagwera munthu chokha popanda woweruza kuchilengeza. Amene ali ndi mabuku akale achipeza pa kanoni 1398, koma kuyambira pa 8 Disembala 2021 chili pa kanoni 1397, ndipo nambala 1398 tsopano ikunena za nkhanza zochitira ana. Akatekisiti ambiri sadziwa kuti chilangochi sichigwera mwana. Kanoni 1323 imachotsa chilango chilichonse kwa wosakwana zaka 16, ndipo kanoni 1324 imati wa zaka 16 kapena 17 sagwidwa ndi chilango chogwa chokha. Makanoni omwewa amaganiziranso munthu amene wachita chinthu chifukwa cha mantha aakulu. Amene chikhoza kuwagwera ndi akuluakulu amene popanda iwo ntchitoyo sikadachitika, monga ikunenera kanoni 1329. Kuyambira mu Novembala 2016, mwa chikalata cha Papa Francis chotchedwa Misericordia et misera, wansembe aliyense ali ndi mphamvu yokhululukira tchimo limeneli mu sakramenti la kulapa.

Khanda likabadwa ndi la yani?

Mtsikana uja adanena zoona pa chinthu chimodzi: iye ndi mayi. Agogo a khandalo akhoza kulidyetsa, kuliveka ndi kuligoneka m'nyumba mwawo, koma sadalibereke. Si bwino kulanda khanda n'kulitumiza kwa achibale akutali, kapena kulipereka kuchimuna, mayi wake akulira. Gawo 23 lija limateteza khandalo monga momwe likutetezera mayi wake: ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana m'mene adabadwira. Bambo wa khanda ali ndi udindo wolisamala ngakhale palibe ukwati. Akakana kuti mwanayo si wake, bwalo la milandu la ana lili ndi mphamvu yogamula za ubambo ndi yolamula chithandizo. Njira imeneyi imapatsa khanda chimene mabanja amachifuna pokatula mtsikana, popanda kutaya mtsikanayo.

Abale athu okhala ku South Africa adziwe kuti lamulo la ana la kumeneko la 2005 lidanena poyera za nkhaniyi: mayi akakhala mwana wosakwatiwa, ndipo bambo wa khanda alibe udindo wolisunga pamaso pa lamulo, amene akusunga mayiyo ndiye amawerengedwanso msungi wa khandalo.

Pa ubatizo, kanoni 868 imafuna zinthu ziwiri: kuti kholo limodzi kapena onse awiri, kapena wolera mwanayo movomerezeka, avomere, ndiponso kuti pakhale chiyembekezo chenicheni choti mwanayo adzaleredwa m'chikhulupiriro cha Chikatolika. Siidatchule kuti makolo akhale pa ukwati. Chiyembekezo chikasoweratu ubatizo umachedwetsedwa ndipo makolo amauzidwa chifukwa chake, koma m'banja limene agogo ndi akhristu olimba chiyembekezocho sichivuta kuchipeza. Mu 2012, akadali arkiepiskopi wa ku Buenos Aires, Papa Francis adadzudzula kwambiri ansembe okana kubatiza ana a amayi osakwatiwa. Mu Disembala 2023 ofesi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro, poyankha episkopi wina wa ku Dominican Republic, idati kukhala mayi wosakwatiwa sikuletsa munthu kulandira Ukaristia, ndipo amayi otere azilimbikitsidwa kufika ku masakramenti akalapa monga amachitira mkhristu aliyense. Pathupi penipenipo si tchimo. Ndipo mtsikana wogwiriridwa alibe choti alape pa nkhani imeneyi.

Olemba m'buku la ubatizo asamale kanoni 877. Dzina la mayi wosakwatiwa limalembedwa ngati umayi wake ukudziwika poyera, kapena iye mwini wapempha mwa kalata kapena pamaso pa mboni ziwiri. Dzina la bambo limalembedwa pokhapokha pali chikalata cha boma chotsimikiza ubambo wake, kapena iye mwini wavomera pamaso pa bambo mfumu ndi mboni ziwiri. Kupanda apo malowo amasiyidwa. Sitilemba dzina la mwamuna chifukwa choti agogo alitchula mokwiya, ndiponso sitilemba agogo ngati makolo pofuna kubisa nkhani, chifukwa bodza lolembedwa m'buku limadzavutitsa mwanayo pa nthawi ya ulimbitso ndi ya ukwati wake.

Sikelo ndi sukulu

Thupi la mtsikana wamng'ono limakumana ndi zoopsa zambiri pobereka: kuthamanga kwa magazi, kubereka masiku asanakwane, kuvutika nthawi yaitali pochira, ndi matenda a fistula amene amasiya mayi akungotaya mkodzo. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba m'masabata 12 oyambirira. Atsikana ambiri amachedwa kuyamba sikelo chifukwa akubisa pathupi, kapena chifukwa adamva kuti kumafunika kupita ndi mwamuna. Ulamuliro wa kholo pano ndi woperekeza. Kholo loletsa mwana kupita kuchipatala poopa maso a anthu lalephera udindo umene lamulo la 2010 lidalipatsa. Malamulo amazindikiranso kuti nzeru za mwana zimakula pang'onopang'ono: lamulo la 2018 loona za HIV ndi Edzi limalola wa zaka 13 kukayezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo. Umenewu ndi ufulu pa chinthu chimodzi chokha, ndipo sutanthauza kuti mwanayo wamasulidwa pa zonse.

Za sukulu n'zachidule. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, ndipo ndondomekoyi idakonzedwanso mu 2018. Makolo akaonane ndi mphunzitsi wamkulu pathupi pakangodziwika, kuti malo a mwanayo asungidwe. Chimalepheretsa ambiri ndi kusowa wosiyira khanda, ndipo pamenepa amayi a mu mphakati ndi a bungwe la Amayi Achikatolika angathe kuchita zambiri kuposa lamulo.

Pakhomo pakakhala poopsa

Nthawi zina choopsa chimakhala m'nyumba momwemo: wopereka pathupi ndi wa m'banjamo, kapena mtsikanayo akumenyedwa, kapena wauzidwa tsiku loti akatulidwe. Zikatero mwanayo akhoza kuchotsedwa pakhomopo, koma amene ali ndi mphamvu imeneyo ndi apolisi, a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lathu ndi bwalo la milandu la ana. Bwalo likhoza kumuika kwa wachibale wodalirika kapena pamalo ena otetezeka. Kumeneku sikumasulidwa: mwanayo wachoka m'manja ena n'kulowa m'manja ena, ndipo akadali mwana. Katekisiti amene wamva nkhani yotere auze bambo mfumu ndi a polisi oona za anthu ochitiridwa nkhanza tsiku lomwelo. A bungwe la Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi amadziwa makomo ake. Asayese kuweruza yekha mlandu wogwiririra pa msonkhano wa mphakati, ndipo asaulutse dzina la mwanayo.

Tsiku lokwanitsa zaka 18

Katekisimu wa Mpingo wa 1992, pa nambala 2217, amasiyanitsa kumvera ndi ulemu. Mwana amene akukhala pakhomo pa makolo ayenera kumvera zimene amuuza pofuna ubwino wake kapena wa banja. Kumvera kumeneku kumatha mwana akamasuka, koma ulemu sutha. Nambala yomweyo imanenanso kuti mwana wotsimikiza mu mtima mwake kuti chimene omuyang'anira amulamula n'choipa asachichite. Nambala 2230 imachenjeza makolo kuti asaumirize ana awo pa kusankha ntchito kapena munthu womanga naye banja, ngakhale kuti ayenera kuwalangiza. Mayi wachitsikana wa zaka 18 akhoza kusankha kokhala, kukwatiwa ngati afuna, ndi kusaina mapepala m'dzina lake. Ambiri amakhalabe pakhomo pa makolo, ndipo pokhala pamenepo amatsata dongosolo la pakhomopo monga wina aliyense wodya m'nkhokwe imodzi.

Popeza zonsezi zagona pa zaka, mikangano yambiri imathera pa funso loti mwanayo adabadwa liti. Ofuna ukwati amamuwonjezera zaka, oopa mlandu amateronso. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira pa zaka 16, kotero kukhala nacho si umboni woti munthu ndi wamkulu. Choyenera kuwerenga ndi tsiku lobadwa limene lalembedwapo. Kulembetsa ana obadwa kumene kudayamba kukakamizidwa mu 2015, ndiye kuti atsikana ambiri obadwa chakacho chisanafike alibe kalata ya kubadwa. Kwa otere buku la kuchipatala la ali wakhanda, kaundula wa kusukulu ndi buku la ubatizo la ku parishi ndizo zimasonyeza zaka zawo, ndipo bambo mfumu akhoza kulemba kalata yotsimikiza zimene zili m'bukumo ngati makolo, apolisi kapena bwalo apempha.